Kansalu Kosuluka pa Chithunzi cha Amama

Ndi mdzukulu wanga Misozi, mwana wa Tisa, amene wandikakamiza kulemba zimenezi. Anabwera patchuthi kuchokera ku Lusaka atanyamula felemu ya pulasitiki yonyezimira ngati golide, akuti mphatso yanga. Ine ndinali kuseri ndikusenda nshawa. Polowa m'nyumba ndinapeza watsitsa kale chithunzi cha amama pakhoma, wachigoneka chafufumimba pathebulo, mpeni uli m'manja, akuzula timisomali takumbuyo.

"Ambuya, ndingochotsako kasanza aka kozungulira nkhope," anatero. "Kakuchititsa manyazi alendo akabwera."

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Mwanayo mpeni unamugwa m'manja. Titakhala pansi ndinamufotokozera zonse, iye n'kunena kuti, "Nanga simunatiuze bwanji? Lembani, Ambuya. Mawa adzabwera wina ndi mpeni inu kulibe." Anandigulira buku la mizere ndi mabolopeni awiri. Ndiye mverani, ana inu. Sukulu ndinalekezera panjira, mukapeza chilembo chapendama muchiongole nokha, musandiseke.

Amama ndikunenawa ndi amayi anga ondibala, aNaphiri. Ambiri a inu simunawaone. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Ine ndi ambuyanu aamuna, aTembo, tinabwera kuno kufupi ndi Mpanshya kudzafuna malo olima, chifukwa kwathu munda unali utachepa ngati mphasa. Akulu anga aDailesi anatitsatira, n'kukwatiwa cha ku Shikabeta. Atate atamwalira tinakatenga amama. Anabwera pa lole ya thonje, atakhala pamwamba pa mabelo, atakumbatira mtondo wawo. Anakana kuusiya, akuti mitondo ya kuno sidziwa kusinja. Inu lero mumangoti chigayo, chigayo. Munsi n'kuunyamula komwe simutha.

Amama sankadziwa kukhala chabe. Ankatenga nthochi za kudimba kwathu n'kukagulitsa kumsewu waukulu, pamene mabasi a ku Chipata amaima. Nthawi ina kunabwera bambo wina wolemba zikwangwani za magolosale, woonda, malaya onse penti yokhayokha. Anakhala masiku atatu akulemba pakhoma la golosale ya pafupi, ndipo amama anaona kuti munthuyo masana sadya. Ankamuitana n'kumupatsa nthochi ziwiri. "Idya iwe, ungagwe pamakwerero." Tsiku lomaliza bamboyo anatulutsa pepala loyera, lalikulu kuposa buku ndikulembamoli, anakhala pamwala, n'kuwajambula ndi pensulo iwo ali pantchito yawo. Anawapatsa, anakwera basi, n'kupita. Dzina lake sitilidziwa mpaka lero.

Amama atafika nalo kunyumba anati, "Taonani, wandikulitsa mphuno uyu." Koma ana inu, anali iwo enieni. Duku lopendekera kumanzere, kachipsera ka pachipumi, ndi kayang'anidwe kawo kaja, ka munthu amene wadziwa kale kuti ukunama koma akudikira umalize. Analikulunga n'kuliponya pansi m'sutukesi.

Chithunzi china cha amama kulibe. Kamera ankaikana, akuti sangaime chilili ngati mlonda kuti mwana wa eni ake aziwauza kuti sekani. Kaja ka pachitupa, chimene inu mumati reji, kanali kochepa ngati chikhadabo, ndipo chitupacho chinapita ndi amalume ku Katete n'kusowera komweko. Inu mumajambula ndi foni ngakhale mbale ya tchipisi musanadye. Ife nkhope ya mayi wathu inali papepala limodzi lokhalo.

Anatisiya chaka chotsatana ndi chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Maliro atatha, akuluakulu anakhala pansi kugawa zovala monga mwa mwambo. ADailesi, poti ndi aakulu, analandira sutukesi, bulangete ndi zitenje ziwiri zatsopano zimene amama ankasungira kutchalitchi. Ine anandipatsa mtondo uja ndi chitenje chimodzi chakale, chosuluka, choti maluwa ake umachita kuwafunafuna. Sindibisa, mtima unandiwawa. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinagwada, koma m'kati ndinali kung'ung'udza.

Pokutumula sutukesi pepala lija linagwa pansi. Tonse awiri tinatambasula manja. Akuluakulu anati, "Ichi sichigawika. N'cha nonse, mukambirane." Nyumba ya aDailesi inali ya udzu ndipo inkadontha, pamene ife tinali titangokhoma malata chaka chomwecho. Ndiye iwo anati, "Chikhale kwa iwe, Esinati, koma chilowe m'galasi, ndipo pokonza ine ndikhalepo. Chikapanda kundikomera ndichitenga, chibwerere m'sutukesi."

ADailesi akanena chinthu sankabwerera. Ndipo nyumba yawo ndinkaidziwa. Chiswe cha kumeneko chinadya buku lawo la nyimbo n'kungosiya chikuto. Ndinadziwa kuti pepalalo likapita ku Shikabeta, dzinja limodzi lokha amama tiwataya kachiwiri.

Komanso galasi lenilenilo ndinkaliopa. Mwachiona chithunzi chathu cha ukwati chili kuchipinda chija? Mumandifunsa nthawi zonse kuti ambuya aamuna mphuno inapita kuti. Nayi nkhani yake. Tinachiika m'felemu yogula pamsika, chithunzi kugundana ndi galasi. Dzinja lina ndinaona m'kati muli timadontho ngati thukuta. Ndinati nditsegule ndipukute. Pokoka chithunzi, ine ndinatuluka bwinobwino ndi velo langa, koma mphuno ndi tsaya la aTembo zinatsalira pagalasi. Anakhala masiku awiri osandilankhula. Akuti ndinachita dala chifukwa pachithunzipo iwo ndiwo ankaoneka bwino kuposa ine. Bodza limenelo, funsani aliyense.

Ndiye Lamulungu lina titatuluka m'Misa ndinaimitsa ba Lazaro. Awa anali kalipentala, Mbemba amene anakwatira mkazi wa mtundu wa Chisoli n'kukhazikika kuno. Mabenchi ambiri, zitseko, ngakhale mabokosi a maliro, zinkachokera m'manja mwawo. Mukudziwa kuti ife akum'mawa, a ku Katete kuja, ndi aBemba timanyozana mwachimbuya, palibe wokwiya.

"Aa, akum'mawa," anatero atandiona. "Mwabwera kulapa mbewa munadya sabata ino?"

"Ine ndalapa kale, ba Lazaro. Inu anyani munamaliza kuphiri kuja mudzalapa liti?"

Titaseka ndinawauza vuto langa, ndi za mphuno ya aTembo zomwe. Anasiya nthabwala.

"Manje amai, mverani. Galasi limachita thukuta m'dzinja. Chithunzi chikaligunda, chimamata. Ndipo chanucho n'cha pensulo, ndiye choopsa kwambiri, chifukwa pensulo ndi fumbi chabe lokhala pamwamba pa pepala. Pamafunika mpendero."

"Mpendero ngati wa diresi?"

"Wa katoni. Timadula katoni yolimba, pakati n'kuboola windo loti nkhope izionekera. Katoniyo imakhala pakati pa galasi ndi pepala, kuti ziwirizi zisakhudzane. Pamwamba pake timakuta nsalu kuti ikongole. Mubwere Loweruka ndi akulu anuwo, aliyense atenge nsalu imene akufuna."

Ndinafunsa ngati ndibweretse katoni ya sopo, poti tinali nazo zambiri. Anagwira mutu. Akuti katoni ya sopo imafiiritsa pepala ngati lapsa ndi moto, ndipo amama azinunkha sopo mpaka kubwera kwa Yesu. Iwo anali ndi yoyera yolimba imene anabwera nayo kuchokera ku Lusaka, ankaisunga m'bokosi ngati satifiketi.

Unali mwezi wozizira, titamaliza kukolola, nkhokwe zitadzaza. Nthawi imeneyo ndimaikonda mpaka lero. Msana umapuma, mbatata zili mbwee, ndipo njira zimakhala zouma. ADailesi anagona kwathu Lachisanu, m'mawa tinanyamuka wapansi. Njinga inalipo, koma iwo ankakana kukwezedwa ndi mlamu wawo, akuti aTembo amayendetsa ngati akuthawa njuchi. Pepala ndinalilowetsa m'chibowo cha nsungwi yaikulu, nsungwiyo n'kuikulunga ndi chitenje chakale cha amama chija kuopa mame. Aliyense anali ndi kamtolo kake m'khwapa. Njira yonse tinacheza za nkhuku, za mitengo ya feteleza, za mwana wa uje amene anathawira ku Kabwe, koma za kamtolo palibe anafunsa mnzake.

Ba Lazaro ankagwira ntchito m'kanyumba ka njerwa, khomo limodzi, pansi pali zipalapala za mtengo wa mukwa. Anasamba m'manja kaye, anapukuta thebulo, n'kutambasula pepala pang'onopang'ono, m'ngodya n'kuikamo timatabwa. Analiyang'anitsitsa.

"Awa ndinagulapo nthochi kwa iwo," anatero. "Anandikalipira kuti ndikuzifinya."

Poyamba tinakangana za kukula kwa mpendero. Ine ndinati chala chimodzi chakwana, bola galasi lisagunde. Iwo anati, "Amai, nyumba yanu ilibe bwalo? Mukatuluka pakhomo mumagunda nkhokwe? Nkhope nayo imafuna bwalo." Anayeza ndi zala zawo zikuluzikulu zija: zitatu kumanzere, zitatu kumanja, zitatu pamwamba, koma pansi zinayi. Ndinafunsa kuti pansi palakwa chiyani. Akuti ukalinganiza ponseponse, diso limaona ngati munthuyo akutsetsereka kugwera pansi. Ine sindinamvetse, koma mukayang'ane pakhomapo, amama akhala nji, sakutsetsereka.

Kenako anati, "Tulutsani nsalu."

ADailesi anamasula kamtolo kawo. Nsalu yakuda bii, yatsopano. "Munthu womwalira amazunguliridwa ndi chakuda," anatero. "Ndiwo ulemu. Aliyense wolowa m'nyumba adziwe kuti awa anapita."

Ine ndinamasula kanga. Chitenje chatsopano cha maluwa ofiira aakulu ngati mbale, masamba obiriwira, pakati pachikasu. Ndinachigula ku Rufunsa dala. "Amama sankakonda zakuda," ndinatero. "Ankati chakuda n'cha ambulera."

"Iwe Esinati, ukufuna kuwaveka ngati akupita kuchinamwali?"

"Nanga inu asisi mukufuna maliro asathe m'nyumba mwanga?"

Ba Lazaro anakweza dzanja. "Akum'mawa, musamenyane pano, mapulanga anga ndi odula. Ine ndili ndi njira yanga. Nonse pitani pakhomo paja. Mutembenuke, muyang'ane kunja. Ndikati onani, mucheuke, munene chinthu choyamba chimene diso lagwira. Choyamba, osati chachiwiri. Osaganiza."

Tinapita ngati ana a sukulu. Anapinda nsalu yakuda mozungulira pepala, anaimika pathabwa. "Onani!"

Tinacheuka. Ine ndinati, "Maliro." Ba Lazaro anatembenukira kwa aDailesi.

"Amai aakulu, mwaona chiyani?"

"Ndaona ulemu," anayankha mokakamira.

"Sindinafunse zimene mwaganiza. Diso lagwira chiyani?"

"Chakuda."

"Eya. Pensulo ndi yotuwa, yofewa. Chakuda chikaima pafupi, nkhope imathawa."

Ndinasekerera mumtima, ndinati lero ndawina. Anatibweza pakhomo, anayala chitenje changa. "Onani!"

"Maluwa!" ADailesi anakuwa asanamalize n'kucheuka komwe. "Maluwa okhaokha! Amama ali kuti? Abisala m'dimba?"

Ndinafuna kutsutsa, koma ana inu, chinali choona. Ndinachita kuwafunafuna amama pakati pa maluwa anga. Ndinamva manyazi mpaka m'makutu.

Ba Lazaro anati tiyese katoni yoyera yokha, yopanda nsalu. Koma pepala la amama linali litakhalitsa m'sutukesi, linali litayamba kufiirira. Pafupi ndi choyera mbee chija linaoneka lakuda ndi litsiro.

"Awa sanasambe," anatero aDailesi. "Amama anga sangakhale pakhoma osasamba."

Apa zinthu zinaipa. Iwo anabwerera ku nsalu yawo yakuda, akuti ngakhale nkhope ithawe, bola ulemu ulipo. Ine ndinati m'nyumba mwanga simulowa chakuda. Mawu anakwera. Ndinanena zimene sindinayenera kunena, za zitenje ziwiri ndi bulangete, kuti iwo anatenga zonse zabwino ine n'kundisiyira chisanza. Nkhope yawo inauma.

"Chabwino," anatero. "Kulunga pepala. Ndikupita nalo ku Shikabeta."

Anamanga nsalu yawo, n'kuyenda kupita kukhomo. Ndinaona chiswe chija m'maso mwanga. Ba Lazaro, pofuna kuchotsa katoni yawo yoyera isade, ananyamula pepala n'kuligoneka pa chinthu chimene chinali pafupi, chitenje chakale chija ndinakulungira nsungwi, chimene ndinangochiponya pathebulo pofika. Sanaganize kanthu, ankangofuna poika.

ADailesi atafika pakhomo anacheuka kuti andifulumizitse. Pakamwa panali potsegula kale, koma mawu amene anatuluka sanali a ine.

"Amama," anatero, motsitsa, ngati awaona akubwera kuchokera kudimba.

Ndinathamangira pakhomo kukaima pambali pawo. Ana inu, sindinaone nsalu, sindinaone pepala. Ndinaona amama akundiyang'ana, akudikira ndimalize bodza langa. Pepala linagona pakati penipeni pa chitenje, pamene panasuluka kwambiri mpaka kukhala ngati khoko la chimanga chouma. Mtunduwo sunkalimbana ndi pensulo, ndipo pepala lofiirira lija pafupi nawo linaoneka loyera.

Ba Lazaro anabwera nawonso kudzaima pakhomo, atatu tinadzaza khomo lonse. "Iyi ndiyo," anatero. "Ndalama zanu munataya pachabe, akum'mawa. Nsalu munabwera nayo ngati chokulungira."

ADailesi anabwerera pathebulo, anagwira pamalo posulukapo ndi chikhatho. "Ukudziwa chimene panasulukira apa, Esinati?"

Ndinati dzuwa.

"Dzuwa la chiyani? Apa ndi pamene pankakhala mwana. Ichi ndicho amama ankaberekera. Ana anga anayi, ana ako asanu, onse anapita kumsewu ali m'menemu, iwe uli kumunda. Kuchapa tsiku lililonse, mikodzo ya ana athu. Akuluakulu aja sanakupatse chisanza. Ine ndinachipempha, anandikaniza, akuti wamng'ono ndiye anakhala nawo mpaka kumapeto."

Miyezi yonse ija ndinkachiona ngati chitonzo, osadziwa kuti mnzanga akuchisirira. Ndinangoti, "Pepani asisi." Iwo anati, "Pukuta mamina, ungadonthezere amama."

Sizasi inandikanika kugwira. Kudula chovala cha mayi wako si chinthu chapafupi. ADailesi ndiwo anadula, molunjika. Ba Lazaro anaboola windo pakatoni ndi lezala watsopano, mopendeketsa, lilime lili kunja. Ine ndinati tikute nsaluyo ndi phala la chinangwa, monga tinkamatira zithunzi za m'kalendala pakhoma. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mukufuna kuitana mphemvu zonse za mu Mpanshya kuphwando? Muli ndi singano?"

Mkazi wa masiku athu sankayenda opanda singano paduku. Ndinakoka nsalu kumbuyo kwa katoni n'kuilumikiza ndi ulusi, uku ndi uku ngati zingwe za nsapato, aDailesi atagwira m'mbali kuti isachite makwinya. Ulusi umenewo ukadalipo. Misozi anauona, anati wosoka anali wosadziwa. Ndinali kulira, mwana iwe, uzisoka bwanji mowongoka?

Chitenje chotsala tinang'amba pakati, wina theka wina theka.

Galasi ndi nkhani ina. ATembo anakalidulitsa ku Lusaka, n'kubwera nalo pa minibasi atalikumbatira pamiyendo njira yonse. Akuti pa mapiri paja mayi wina anafuna kuwakhazika mwana pamwamba pake, iwo anakuwa mpaka dalaivala anaima kuganiza kuti munthu wagwa. Anafika miyendo itauma, koma galasi lili lamoyo. Ndinawakhululukira zonse za mphuno zija tsiku limenelo, ngakhale wolakwa ndinali ine.

Tinachipachika khoma la m'kati, losawombedwa dzuwa, kutali ndi utsi, monga ba Lazaro analangizira. Madzinja onse amene apita, ena a mvula yogwetsa nyumba, nkhope ya amama sinagunde galasi ngakhale kamodzi. Kachipsera ka pachipumi kakuonekabe. ADailesi ankati akabwera kudzacheza, asanandipatse moni ine, ankaima pakhomo, n'kutembenukira kunja, n'kucheuka. "Alipo," ankatero, ndiye n'kukhala pansi kufunsa za tiyi. Anachita zimenezo mpaka chaka chimene anatisiya. Theka lawo la chitenje tinawafunditsa pachifuwa m'bokosi. Langa lili pansi pa pilo, Tisa akudziwa chochita nalo.

Felemu ya golide ija sinapite pachabe. Ndaikamo chithunzi cha Misozi cha tsiku lomaliza sukulu, ndipo ndinamuuza adule katoni aike pakati, angatsale opanda mphuno ngati ambuya ake.

Tsono ana inu, mukamaliza kuwerenga musatseke buku ili m'kabati. Mupatseni mnzanu, litumizeni ku Kabwe, ku Chipata, kulikonse kumene kuli magazi a aNaphiri, ndipo amene sadziwa kuwerenga mumuwerengere. Thabwa la felemu likadzafumbwa musinthe, galasi likadzasweka mugule lina. Koma kansalu kosuluka kaja musakakhudze. Mukabwera kuno, imani pakhomo, yang'anani kunja, ndiye mucheuke. Mukatero muyandikire, muone bwino kansaluko. Iwe Misozi, kasanza unkafuna kutaya kaja, amako anagonapo zaka ziwiri.